Makina akamalemberana makalata: phunziro la XML

Msewu wa M12 umachokera pa raundabauti ya Crossroads ku Area 3 n'kulunjika kumadzulo mpaka ku chipata cha Mchinji, mtunda woposa makilomita 100. Malole a feteleza, simenti, soya ndi mtedza amadutsa mmenemo usana ndi usiku. Koma katundu aliyense wa m'malole amenewa ali ndi mnzake amene sayenda pa phula, ndiye chikalata. Pali invoisi ya wogulitsa, pali chikalata cha kasitomu, palinso uthenga wa kubanki wotsimikiza kuti ndalama zalipiridwa. Zikalatazi zikachedwa, kapena zikasemphana pa nambala imodzi yokha, lole imagona pa chipata, ndipo mlimi amene akudikira feteleza amangoona mvula ikupita.

Masiku ano zambiri mwa zikalata zimenezi sizilembedwa kuti munthu aziwerenge. Kompyuta ya kampani imalembera kompyuta ya banki, ya banki nayo imalembera ya banki ina kunja kwa dziko. Pamafunika munthu wophunzitsa makinawa kumvana, ndipo imeneyo ndi ntchito yoti munthu n'kulembedwa, n'kumalandira malipiro pakutha pa mwezi. Phunziro lino ndi la anzanga amene mukufuna kuiyamba ntchitoyi, komanso la ife amene tikukonzekera kukaphunzitsa Computer Studies kusekondale ndipo sitikufuna kukathera pa kuonetsa ana mmene angakulitsire zilembo mu Word. Mfundo yanga ndi iyi: malamulo a kalembedwe ka XML mutha kuwadziwa masana amodzi, koma chimene chimatenga miyezi, chimenenso makampani amalipira, ndi kugwirizana ndi mbali inayo pa tanthauzo la chilichonse cholembedwa, kenako n'kulemba pulogalamu yokana chikalata chophwanya mgwirizanowo.

Chitini chilichonse ndi dzina lake

Tayerekezani mwalandira kapepala kolembedwa manambala okhaokha: 0457, 03/04/25, 40, 100000. Amene walemba akudziwa chimene akunena, inu ayi. Kodi 40 ndi matumba kapena makilogalamu? Nanga 03/04 ndi pa 3 Epulo, monga timawerengera kuno, kapena pa 4 Malichi, monga amawerengera ku America? XML imathetsa vutoli poika dzina pa chinthu chilichonse, monga amachitira amayi akalemba pa zitini za kukhitchini kuti umu ndi mchere, umu ndi soda. Kapepala kaja mu XML kangaoneke chonchi, ndipo mtengowo ndi wongoyerekeza:

<?xml version="1.0" encoding="UTF-8"?>
<invoisi nambala="0457">
  <tsiku>2025-04-03</tsiku>
  <wogula>
    <dzina>Gulu la alimi</dzina>
    <boma>Mchinji</boma>
  </wogula>
  <katundu>
    <mtundu>feteleza wa urea, thumba la 50 kg</mtundu>
    <chiwerengero>40</chiwerengero>
    <mtengo ndalama="MWK">100000.00</mtengo>
  </katundu>
</invoisi>

Taonani kuti chizindikiro chilichonse chotsegula, monga <tsiku>, chili ndi chinzake chotseka, </tsiku>. Zina zili m'kati mwa zinzake: dzina ndi boma zili m'kati mwa wogula, ndipo zonse zili m'kati mwa invoisi, imene ndi muzu wa chikalata chonse. Mawu akuti ndalama="MWK" ndi ndemanga yaifupi yomamatira pa chizindikiro, yofotokoza kuti mtengowo ndi wa makwacha a kuno, osati a ku Zambia amene chizindikiro chawo ndi ZMW. Mayina onsewa ndasankha ndekha, m'Chichewa, ndipo makina sadandaula. XML ilibe mawu akeake. Imangopereka dongosolo, mawu mumabwera nawo ndinu.

Mbiri yake si yaitali. Mu 1969 Charles Goldfarb, Edward Mosher ndi Raymond Lorie, a ku kampani ya IBM, anakonza njira yoikira zizindikiro m'zikalata yotchedwa GML. Njirayi inakula n'kukhala SGML, imene bungwe la ISO linaivomereza mu 1986, koma inali yolemera kwambiri kwa olemba mapulogalamu wamba. Gulu la bungwe la W3C, lotsogozedwa ndi Jon Bosak, linaisadza nthambi, ndipo chotsalacho chinalengezedwa pa 10 Febuluwale 1998 ndi dzina la XML.

Malamulo ake ndi ochepa. Chotsegulidwa chitsekedwe. Chotsegulidwa pomaliza chitsekedwe poyamba. Muzu ukhale umodzi. <Tsiku> ndi <tsiku> ndi zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono sizifanana. Lamulo limene ndimalikonda ndi lokhudza wowerenga: pulogalamu yowerenga XML ikapeza kuti limodzi mwa malamulowa laphwanyidwa, iyenera kunena n'kuima, isaganizire chimene wolemba amafuna kunena. Tsamba la pa intaneti lolembedwa mosasamala limatsegukabe, chifukwa Chrome ndi Firefox zimayesetsa kukonza zolakwika mwakachetechete. Pa nkhani ya ndalama chifundo chotere n'choopsa. Kalaliki amene amalosera nambala imene yafufutika pa cheke si kalaliki wabwino.

Chilankhulo chathu chili ndi misampha yakeyake pano. Masitolo ambiri a ku Old Town ali ndi mayina okhala ndi chizindikiro cha &, koma mu XML chizindikirochi chili ndi ntchito yapadera, choncho chiyenera kulembedwa kuti &amp; ndipo < amalembedwa kuti &lt;. Wina akalemba ndemanga pogwiritsa ntchito kankhodolero kamodzi, monga mtundu='ng'ombe', makina amaona ngati mawu athera pa ng, n'kukana chikalata chonse. Palinso ŵ, chilembo chimene ena amalemba m'mawu akuti Malaŵi. Mu UTF-8 chilembochi chimasungidwa ngati mabayiti awiri, ndipo pulogalamu ikawawerenga potsata kalembedwe kakale ka Windows-1252 imatulutsa Åµ, dzina la munthu n'kuwonongeka pa risiti. N'chifukwa chake mzere woyamba wa chitsanzo chija ukunena poyera kuti encoding="UTF-8". Mankhwala a misampha yonseyi ndi amodzi: musamange XML polumikiza mawu pamanja. Gwiritsani ntchito laibulale ya chilankhulo chimene mukulembera, ndiyo imadziwa kusintha zizindikirozi payokha.

Pamene pagona ntchito

Popeza aliyense angasankhe mayina ake, sitolo ina ilemba <mtengo>, ina <ndalama>, ina <price>. Zonse ndi XML yolongosoka, koma sizingamvane. Apa ndi pamene pamabwera chikalata chachiwiri chotchedwa schema, chimene ndi pangano la mbali ziwirizo lolembedwa mwa njira yoti makina atha kuliwerenga. Mtundu wodziwika kwambiri ndi XML Schema, kapena XSD, umene W3C inauvomereza mu 2001. Schema imanena kuti invoisi iyenera kukhala ndi tsiku limodzi, osati awiri, kuti wogula amabwera katundu asanabwere, kuti katundu akhoza kubwerezedwa kangapo, ndi kuti chiwerengero chikhale nambala yathunthu yoposa ziro. Lamulo lomalizali limalembedwa mzere umodzi:

<xs:element name="chiwerengero" type="xs:positiveInteger"/>

Tsopano wina akatumiza invoisi yolembedwa kuti "makumi anayi", kapena -40, kapena 40.5, imabwezedwa pakhomo pomwepo isanafike m'mabuku a ndalama.

Ife a maphunziro timazidziwa bwino zimenezi, kungoti sitizitchula ndi mayina amenewa. Mwana akamalemba fomu yolembetsera mayeso a MANEB, pali mafunso atatu osiyana. Kodi zolembedwazo zikuwerengeka? Kodi chilichonse chalembedwa m'bokosi lake, tsiku m'bokosi la tsiku, dzina m'bokosi la dzina? Kodi zolembedwazo n'zoona? Fomu ikhoza kukhala yaukhondo, mabokosi onse odzazidwa moyenera, koma chaka chobadwa chili cholakwika, ndipo mwanayo adzavutika nacho pa satifiketi moyo wake wonse. XML ilinso chimodzimodzi. Funso loyamba limayankhidwa ndi malamulo a kalembedwe aja. Lachiwiri limayankhidwa ndi schema. Lachitatu palibe schema imene ingaliyankhe. Limafuna munthu wodziwa malondawo amene walemba malamulo ake mu pulogalamu: kuti matumba 40 kuchulukitsa ndi mtengo zifanane ndi ndalama zonse zolembedwa pansi, kuti tsiku la invoisi lisakhale la chaka chamawa, kuti nambala ya msonkho ya wogula, TPIN, ikhale ya munthu amene alipodi.

Ophunzira ambiri amathera pa funso loyamba, ena amafika pa lachiwiri, koma olembedwa ntchito ndi amene amafika pa lachitatu. Ndipo lachitatulo simungaliphunzire pa laputopu pokha. Muyenera kukhala pansi ndi akauntanti, ndi ajenti wolowetsa katundu, ndi wosunga sitoko, n'kuwafunsa mafunso ooneka ngati achibwana. Mukati "thumba", ndi la makilogalamu angati? Mtengo uwu msonkho uli momwemo kapena ayi? Kasitomala akabweza matumba asanu, mumasintha invoisi yakale kapena mumalemba chikalata china? Mayankho amenewa ndi amene amasanduka pulogalamu.

Kasitomu ndi mabanki

Bungwe lotolera misonkho la MRA, limene linayamba ntchito mu 2000, limagwiritsa ntchito pulogalamu ya ASYCUDA World pa za kasitomu. Pulogalamuyi inakonzedwa ndi UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda imene ili ku Geneva, ndipo mayiko ambiri a mu Africa amaigwiritsa ntchito. ASYCUDA World imatha kulandira chikalata cha katundu ngati fayilo ya XML. Tanthauzo lake n'lakuti kampani imene ili kale ndi mndandanda wa katundu mu kompyuta yake siyenera kulemba kachiwiri mzere uliwonse pamanja, ngati ili ndi pulogalamu yosandutsa mndandandawo kukhala XML ya maonekedwe amene ASYCUDA imayembekezera. Lole ya katundu wosiyanasiyana wa m'sitolo ikhoza kukhala ndi mizere yambirimbiri, ndipo paliponse pamene munthu wakopera nambala pamanja pali mpata wophonya.

Katundu aliyense wodutsa malire amapatsidwa nambala ya m'dongosolo la Harmonized System la bungwe la World Customs Organization, limene linayamba kugwira ntchito mu 1988. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana dziko lonse lapansi. Urea ndi 3102.10. Chimanga cha mbewu ndi 1005.10, pamene chimanga china chonse ndi 1005.90. Kwa schema, manambala awiri a chimangawa ndi abwino onse, chifukwa onse ali ndi maonekedwe oyenera. Kwa ofisala wa pa chipata ndi katundu wosiyana, wokhala ndi zofunika zosiyana. Apa mukuona funso lachitatu lija likugwira ntchito pa lole yeniyeni.

Kumabanki nkhani yake ndi yaikulu kuposa apa. Kwa zaka zambiri mabanki a dziko lapansi, kuphatikizapo athu, akhala akutumizirana mauthenga a ndalama kudzera pa SWIFT m'kalembedwe kakale kotchedwa MT. Uthenga wa MT103, wolipira munthu wa ku banki ina, umapanikiza dzina ndi keyala ya wolandira m'mizere inayi ya zilembo 35 uliwonse, zonse pamodzi. Muyezo wa ISO 20022, umene unatuluka koyamba mu 2004, unabweretsa mauthenga a XML m'malo mwake, ndipo SWIFT inayamba kusamutsira malipiro a pakati pa mayiko ku muyezo umenewu mu Malichi 2023, n'kuika Novembala 2025 ngati malire a nthawi yogwiritsa ntchito njira ziwirizi limodzi. Uthenga wolowa m'malo mwa MT103 umatchedwa pacs.008. Umene kampani imatumiza ku banki yake polamula kuti ilipire anthu, monga malipiro a antchito, ndi pain.001. Sitetimenti ya akaunti ndi camt.053. Mayina a zizindikiro zake ndi ofupikitsidwa: <Dbtr> ndi wolipira, <Cdtr> ndi wolandira, <InstdAmt Ccy="MWK"> ndi ndalama zolamulidwa pamodzi ndi mtundu wake. Schema za mauthenga onsewa zimapezeka kwaulere pa intaneti, choncho wophunzira wa pa koleji atha kuwerenga pangano lomwelo limene akatswiri a ku Reserve Bank ku City Centre amawerenga.

Tiime pang'ono pa keyala, chifukwa ndi pamene muyezo wa kunja umakumana ndi moyo wa kuno. ISO 20022 imagawa keyala m'zigawo: <StrtNm> dzina la msewu, <BldgNb> nambala ya nyumba, <TwnNm> dzina la tauni, <Ctry> dziko. Nanga munthu wa ku Lilongwe akakuuzani kuti amakhala ku Area 3, muika pati? Si msewu. Si tauni. Wolemba pulogalamu wosasamala aika Area 3 mu <TwnNm>, ndipo banki ya ku London kapena Johannesburg, imene makina ake amafufuza mayina a malo pofuna kuletsa ndalama zachinyengo, ipeza tauni imene kulibe pa mapu. Malipiro otere akhoza kuimitsidwa mpaka munthu atawayang'ana ndi maso. Yankho labwino ndi kuika Lilongwe mu <TwnNm>, MW mu <Ctry>, ndipo Area 3 mu <TwnLctnNm>, chigawo chimene chinakonzedwera dera la m'kati mwa tauni. Koma tsono fomu imene kasitomala amadzaza iyeneranso kusinthidwa, kuti izifunsa dera ndi tauni padera, m'malo mwa bokosi limodzi lalikulu limene anthu amalembamo "kuseri kwa chigayo" kapena bokosi la positi la kuntchito kwa achimwene awo. Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba, koma pamene ntchitoyo ikupitirira, woganiza za zimenezi ndi wolemba pulogalamu. Katswiri wochokera kunja sangadziwe kuti Area 3 n'chiyani. Inu mukudziwa, ndipo chidziwitso chimenecho chili ndi mtengo.

XML muli nayo kale m'manja, mwina osadziwa. Koperani fayilo iliyonse ya Word yothera ndi .docx, musinthe mathero ake akhale .zip, muitsegule. M'kati mupeza fayilo ya document.xml, ndipo asayimenti yanu yonse ili mmenemo, ndime iliyonse m'chizindikiro chake. Aphunzitsi ogwiritsa ntchito Moodle atha kulowetsa mafunso ambiri nthawi imodzi kudzera mu fayilo ya Moodle XML. Ngakhale mabungwe omasulira Baibulo amasunga ndi kutumizirana malemba m'kalembedwe ka XML kotchedwa USX, mmene chaputala ndi vesi lililonse zili ndi chizindikiro chake, n'chifukwa chake pa foni mumalumpha kuchoka ku Genesis kupita ku Danieli mosavuta.

Kuyamba ndi laputopu imodzi

Simufunika kugula kanthu. Python ndi yaulere, ndipo imabwera ndi laibulale yowerengera XML. Sungani chitsanzo chija ngati invoisi.xml, kenako mulembe izi:

import xml.etree.ElementTree as ET
from decimal import Decimal
muzu = ET.parse("invoisi.xml").getroot()
for k in muzu.findall("katundu"):
    print(int(k.findtext("chiwerengero")) * Decimal(k.findtext("mtengo")))

Ikatulutsa 4000000.00, mwayamba. Kenako iwonongeni dala fayiloyo. Chotsani chizindikiro chimodzi chotseka, muone uthenga umene makina akupatseni. Ikani & m'dzina la wogula. Kuwerenga mauthenga a zolakwika modekha ndi luso lenileni, ndipo limabwera pokhapokha mwaona ambiri. Mukatero lembani schema ya invoisi yanu. Laibulale yobwera ndi Python siyesa chikalata ndi schema, choncho mufunika ina yotchedwa lxml, kapena kachida kotchedwa xmllint, kamene kamachita zonse ndi lamulo limodzi: xmllint --noout --schema invoisi.xsd invoisi.xml.

Mawu akuti Decimal m'pulogalamu ija sanalowemo mwangozi. Funsani Python kuti 0.1 + 0.2 ndi zingati, ikuyankhani kuti 0.30000000000000004, chifukwa cha mmene makompyuta amasungira manambala a tizigawo. Pa invoisi imodzi kusiyana kumeneku sikuoneka. Pa mizere zikwizikwi matambala amayamba kusowa, ndipo akauntanti sagona tulo mpaka atawapeza. Ndalama zisungidwe ndi Decimal nthawi zonse. Mofananamo, nambala ya foni si nambala yowerengera. Mukaisunga ngati nambala, ziro woyambirira wa 0999 kapena 0888 amagwa, monga amagwera mu Excel, ndipo nambala ya invoisi ija 0457 imasanduka 457, imene mwina ndi invoisi ya munthu wina. Chilichonse chimene simungachiphatikize kapena kuchichulukitsa chisungidwe ngati mawu. Masiku alembedwe motsata ISO 8601, chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku. Ndipo zinthu zimene boma kapena msika ungasinthe musazikhomere m'kati mwa pulogalamu. Msonkho wa VAT unakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri, moti n'zosavuta kuiwala kuti ndi nambala imene Nyumba ya Malamulo ingasinthe. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi. Chikalata chabwino chimanyamula chokha mlingo wa msonkho ndi wa kusinthana ndalama umene unagwiritsidwa ntchito pa tsikulo, kuti wochiwerenga patapita zaka zitatu asalosere.

Kutumiza kulinso ndi mavuto ake, ndipo kuno timawadziwa kuposa ambiri. Pulogalamu yanu yatumiza lamulo lolipira antchito, magetsi azima kapena netiweki yaduka yankho lisanabwere. Kodi uthenga unafika? Mukatumizanso, anthu alandira kawiri? N'chifukwa chake uthenga wolipira wa ISO 20022 uli ndi <MsgId>, ndipo malipiro aliwonse ali ndi <EndToEndId>, chizindikiro cha zilembo zosaposa 35 chimene chimayenda ndi ndalamazo kuyambira kwa wolipira mpaka kwa wolandira. Wolandira amasunga zizindikiro zimene waziona kale, ndipo china chikabweranso amadziwa kuti ndi kubwereza. Mukamakonza pulogalamu yanu yoyeserera, ikanimo zimenezi kuyambira tsiku loyamba, kenako muiyese pozula waya wa intaneti kutumiza kuli m'kati.

Fayilo ikakula kwambiri, kuiwerenga yonse nthawi imodzi kumatsamwitsa laputopu yakale. Python ili ndi iterparse, imene imawerenga kachigawo kamodzi, n'kukataya, n'kutenga kena. Mukafuna kusandutsa XML ya maonekedwe a kampani yanu kukhala ya maonekedwe a banki, pali XSLT ndi XPath, zonse za mu 1999, koma zimenezi mudzaziphunzire mukakhala ndi chosowa chenicheni.

Chenjezo lofunika ndi la chitetezo. Fayilo ya XML yochokera kunja ikhoza kukhala ndi malamulo obisika ouza pulogalamu yanu kuti itsegule mafayilo ena a m'kompyuta yanu n'kuwatumiza, kapena ikhoza kukhala ya mizere yochepa imene imadzichulukitsa mpaka kudzaza makina onse. Laibulale ya defusedxml inakonzedwera kutseka mipata imeneyi. Komanso zikalata zimenezi zimanyamula mayina, manambala a akaunti ndi malipiro a anthu enieni. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi la Data Protection Act la 2024. Mukapita kokaphunzira ntchito ku kampani, musakopere fayilo ya malipiro a antchito pa fulashi yanu kuti mukayeserere ku hositelo. Pekani mayina ndi manambala anuanu oyeserera.

Pali anzanga amene anganene kuti XML ndi ya agogo, masiku ano aliyense amagwiritsa ntchito JSON. Akunena zoona mbali ina. JSON ndi yopepuka, ndipo mapulogalamu ambiri atsopano a pa foni ndi pa intaneti amalankhulana kudzera mwa iyo. Muiphunzirenso, sitenga nthawi. Koma mabanki a dziko lonse angosamukira kumene ku XML, ndipo mabungwe otere sasamuka chaka ndi chaka. Kuwonjezera apo, zonse zimene takambirana za pangano, za Decimal, za ziro wakugwa, za uthenga wobwera kawiri, za Area 3 amene si tauni, zimakutsatirani ngakhale mutasintha kalembedwe. Wodziwa zimenezi mu XML amasamukira ku JSON m'sabata imodzi.

Kwa ife opita kukalasi, phunziro ili silidikira chipinda cha makompyuta, chimene masukulu ambiri a kumudzi alibe. Gawani ana m'magulu awiri, gulu la sitolo ndi gulu la banki. Auzeni agwirizane pa bolodi kuti chikalata cholipira chizikhala ndi zizindikiro ziti, motsatana bwanji, ndi kuti m'chilichonse mulowe zotani. Imeneyo ndi schema. Kenako a sitolo alembe zikalata pa mapepala, a banki aziyese ndi panganolo, ndipo lamulo likhale lakuti sakuloledwa kufunsa wolemba chimene amatanthauza, angolandira kapena kubweza n'kutchula lamulo limene laphwanyidwa. M'zikalatazo mphunzitsi alowetsemo mwakabisira chimodzi chimene chikutsata pangano lonse koma matumba ndi mtengo sizikugwirizana ndi ndalama zonse, chinanso chobwerezedwa kawiri ndi nambala yomweyo, aone ngati gulu la banki lizigwire.